Ndinatumiza Fayilo Yolakwika

Ntchito yanga yoyamba ku Dubai ndinaipeza chifukwa cha mliri. Ndinabwera ndi viza yoyendera, ndili ndi satifiketi ya zamakompyuta ya ku Blantyre, ndikuganiza kuti ndilowa ntchito pa hotela. Patangopita masabata ochepa mahotela anatseka, ndege zinaima, ine n'kutsala pa bedi lam'mwamba m'chipinda cha akazi asanu ndi mmodzi ku International City. Pa bedi lam'munsi pankagona ba Misozi, mayi wa ku Chipata amene ankakolopa pa kiliniki ina yaing'ono ku Dubai Investments Park, dera la mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu.

"Kuja afuna munthu odziwa kutayipa," anatero tsiku lina akuvula nsapato. "Anthu opimitsa achuluka maningi. Ngati suyopa korona, Tadala, tiyende mailo."

Korona ndinkaiopa, koma viza yanga inali itatsala pang'ono kutha. Mawa lake ndinapita.

Wondilemba anali Sista Leena, namwino wamkulu wa pamalopo, mayi wamfupi wa ku India amene nkhope yake yonse ndinaiona patatha mwezi chifukwa cha masiki. Anandikhazika pa kompyuta, nandipatsa mapasipoti khumi kuti ndilembe maina ndi manambala. Nditamaliza anayang'ana wotchi, n'kunditambasulira pepala loti ndisayine. Linali lonjezo losunga chinsinsi cha odwala. Ndinasayina osawerenga, chifukwa pakhomo panali patafika kale basi yodzaza ndi amuna ovala maovolosi.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Munthu akafika pa desiki ndinkatenga chiphaso chake n'kuchilowetsa m'kamakina kowerenga makhadi, dzina n'kutulukira pa kompyuta. Ndinkamufunsa nambala ya foni, n'kuibwereza mokweza kuti avomere. Kenako kapulinta kankatulutsa tizomata tiwiri ta bakodi. Kamodzi ndinkamata pa kachubu koikamo kathonje kopimira m'mphuno, kena pa fomu. Namwino akamaliza kupima, machubu ankaimikidwa m'thireyi ya mabowo, thireyi n'kulowa m'bokosi lozizira la madzi oundana, ndipo galimoto ya ku labu inkabwera kawiri pa tsiku. Ukamata bakodi pa chubu cholakwika, munthu wabwinobwino ankatsekeredwa m'chipinda masabata awiri, wodwala n'kubwerera ku fakitale. Chimenechi ndinkachiopa kwambiri, ndipo sindinachilakwitsepo. Ndinalakwitsa china.

Pulogalamu ya kiliniki pa kompyuta inali yochedwa, ndipo anthu akachuluka inkangoima. Choncho Sista Leena anali ndi mindandanda yawoyawo. Kampani iliyonse inali ndi fayilo yake ya zotsatira za korona. Panalinso fayilo yaikulu ya odwala onse a pa kilinikiyo: dzina, nambala ya pasipoti, foni, kumene munthu amagwira ntchito, chimene anabwerera, ndi mankhwala amene dokotala analemba. Pasiwedi inali imodzi kwa tonse, yolembedwa pa kapepala kansi kwa kiyibodi. Lamulo linali loti zotsatira zizipita pa foni ya mwiniwake. Koma akuluakulu a makampani ankaimba osalekeza, ndipo Sista anavomera kuti tizitumiza fayilo ya kampani pa gulu lawo la mauthenga, pogwiritsa ntchito foni ya kiliniki.

Asisi Roda ndinawadziwa m'mwezi wanga wachiwiri. Ndinaona pasipoti ya kwathu pa desiki, ndisanaone nkhope.

"Mwaswera bwanji, asisi?" ndinatero.

Anadzidzimuka, n'kuyang'ana kumbuyo kaye asanayankhe. Anali mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, wa ku Ntcheu, ndipo anali atalera ana atatu a banja lina ku Jumeirah kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ku Jumeirah makiliniki ndi ambirimbiri, koma iwo ankakwera mabasi awiri ndi takisi pa tsiku lawo lopuma kuti afike ku kiliniki yathu, kumene kunalibe wowadziwa. Ankabwera kudzalembetsa mankhwala a khunyu. Ndinaona zimenezi pa kompyuta, ndipo iwo anaona kuti ndaona.

"Sindinagwepo chibwerere ku dziko lino," anatero motsitsa mawu. "Bola ndizimwa mankhwala. Koma mabwana sangamve zimenezo. Zimene mwaonazi zithere pomwepo, achemwali."

Ndinawauza kuti asade nkhawa. Atabweranso ulendo wina anandibweretsera kabotolo ka tsabola wa kambuzi amene anakonza okha.

Fayilo ndinaitumiza Lachiwiri lina, m'nyengo yotentha. Ku nyumba zogona antchito a kampani ina yosunga katundu kunabuka korona, ndipo anatibweretsera mabasi atatu nthawi imodzi. Kapulinta kanatafuna tizomata, mzere unafika panja pa dzuwa, wina anakomoka. Mkulu wa kampaniyo ankaimba kufuna zotsatira za dzulo lake kuti adziwe oti alowe shifiti. Sista Leena anatulukira m'chipinda chopimira magolovesi ali m'manja.

"Yalla, fulumira, Tadala, tumiza. Munthuyu wandiimbira kasanu."

Fayilo ya kampaniyo ndi fayilo yaikulu ija zinali moyandikana, ndipo maina ake ankayamba mofanana. Ndinadina imodzi, n'kutumiza, n'kuitana wotsatira pa mzere. Panapita mwina mphindi makumi awiri. Foni ya kiliniki inayamba kulira motsatizana, ndipo nditayang'ana ndinaona wina pa gulupo walemba kuti, "Uyu woyembekezera ndi wa fakitale iti?" Wina anaika nkhope zoseka. Pa gulu limenelo panali akapitawo, madalaivala, oyang'anira nyumba zogona, anthu oposa zana.

Ndinafufuta uthengawo. Koma ndisanafufute ndinajambula sikirini ndi foni yanga, pooneka dzina la fayilo, dzina la gulu ndi nthawi. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandiuza kutero.

Sista Leena ataona anatseka chitseko.

"Wafufuta? Khalas, zatha. Palibe chachitika. Wina akafunsa, kompyuta inasokonekera. Ukatsegula pakamwa, kiliniki itsekedwa, ndipo ine, iwe ndi Misozi tonse tikwera ndege."

Sanali munthu woipa. Anali ndi ana awiri ku sukulu kwawo, ndipo mwamuna wawo anali atachotsedwa ntchito mliri utangoyamba. Ndinagwedeza mutu, n'kubwerera pa desiki.

Masiku otsatira mafoni anayamba. Bambo wina anaimba akuti walandira uthenga wotchula nambala ya pasipoti yake, wonena kuti ali ndi mlandu ndipo atumize nambala ya khadi la ku banki. Mtsikana wina anangolira pa foni osanena dzina. Wina anafunsa kuti kapitawo wake wadziwa bwanji za matenda amene ngakhale mkazi wake sanamuuze. Onsewa ndinawayankha mawu omwewo, akuti kompyuta inasokonekera ndipo tikufufuza. Dzina la asisi Roda ndinkadziwa kuti lili m'fayilomo, pamodzi ndi nambala yawo. Ndinadziuza kuti Jumeirah ndi kutali ndi mafakitale, sizingafike.

Ba Misozi anaona kuti sindikudya, ndipo nditawafotokozera anandipatsa nambala ya ba Tembo, bambo wa ku Lusaka amene ankapemphera nawo. Iwo ankayendetsa mapepala pa ofesi ina ya maloya. Ndinawaimbira Lachisanu masana, ndikunamizira kuti ndikufunsira mnzanga.

"Ine sindine loya, mwana wanga, ninyamula chabe mapepala," anatero. "Koma nakhala nayaona." Anandifotokozera pang'onopang'ono, ine ndikulemba. Pomaliza anati, "Uwo munzako, ngati ndiye anatuma fayilo, awauze odwala manje manje. Izi zinthu zifuna nthawi. Umboni ufafanizika, na viza siyembekeza munthu."

Ndinathokoza, n'kupinda pepalalo, n'kuliika m'chikwama. Linakhala mmenemo sabata ina yathunthu. Sindinaimbire aliyense.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali Lolemba. Cha m'ma 11 koloko ndinakweza maso n'kuona asisi Roda pa mzere. Silinali tsiku lawo lopuma. Anali ndi sutikesi yaikulu ndi jumbo la pulasitiki, ataima pa chizindikiro chomata pansi chotalikitsa anthu, akudikira nthawi yawo ngati wina aliyense. Anthu asanu ndi awiri anali patsogolo pawo, ndipo onsewo ndinawalemba, kuwamatira mabakodi, ndikudziwa chimene chikubwera.

Atafika sanapereke chiphaso.

"Dalaivala wa pa nyumba ali ndi msuweni wake kuno ku mafakitale," anatero. "Wamutumizira ndandanda wa pa kiliniki pano. Dzina langa lilipo, ndi mankhwala anga. Dalaivalayo wawaonetsa madamu."

"Ndiye atani?"

"Akuti zaka zonsezi ndakhala ndikusambitsa ana awo m'dziwe, ndikuwanyamula pa masitepe, ndikubisa chinthu chotere. Mwana wamng'ono uja, madamu sanandilole n'komwe kumutsanzika. Viza akuifafaniza. Tikiti agula kale, ya Lachinayi sabata yamawa." Anapuma kaye. "Ndabwera kudzafunsa kuti zatuluka bwanji."

Sista Leena anali atamva. Anabwera n'kuima pambali panga, nalankhula m'Chingerezi mwaulemu kwambiri kuti pepani, kompyuta inasokonekera, akatswiri akuona, ndipo palibe chimene kiliniki ingachite pa nkhani ya pakati pa iwo ndi mabwana awo. Kenako anandigwira paphewa.

"Auze m'chilankhulo chanu kuti amve bwino."

Asisi Roda Chingerezi ankachimva. Komabe anatembenukira kwa ine, akudikira.

"Sista akuti ndi kompyuta," ndinatero. "Si kompyuta ayi, asisi. Ndine. Ndinatumiza fayilo yolakwika ndi dzanja langa, masabata awiri apitawo."

Sista ankagwedeza mutu kuvomereza, osadziwa chimene ndanena. Asisi Roda anandiyang'ana nthawi yaitali, maso okha pamwamba pa masiki.

"Masabata awiri," anatero. "Nambala yanga muli nayo?"

"Ndili nayo."

Anakoka sutikesi yawo n'kutuluka.

Ndinapempha nthawi yanga yopuma, ndipo ndinawapeza pa siteji ya basi, atakhala pa sutikesi, mu mthunzi wochepa wa khoma la fakitale. Ndinatulutsa pepala la ba Tembo. Ndinawauza kuti sindikupempha kuti andikhululukire, ndikungofuna amve zimene angathe kuchita. Kenako ndinayamba kuwerenga.

Choyamba chinali umboni. Apemphe dalaivala uja awatumizire chithunzi cha fayiloyo monga inafikira pa foni yake, ndipo asunge uthenga uliwonse wa madamu wotchula matendawo. Kenako alembere kiliniki kalata yofunsa kuti ndi zinthu ziti za iwo zinatuluka, zinapita kwa yani, tsiku liti, ndipo asunge kope. Dandaulo lenileni limapita ku ofesi ya boma yoyang'anira zipatala, imene ili ndi mphamvu yofufuza ndi kulanga, ndipo limalembedwa pa intaneti, munthu n'kupatsidwa nambala. Amene akufalitsa zinsinsi za munthu pa mafoni angathe kunenezedwa kwa apolisi oona milandu ya pa intaneti, chifukwa kuno umenewo ndi mlandu. Chipukuta misozi chimachokera ku khoti, ndipo kumeneko kumafunika loya, mapepala omasuliridwa m'Chiarabu, ndi umboni wakuti ntchito yatha chifukwa cha fayiloyo osati china. Za kuchotsedwa ntchito ndi nkhani inanso, ya ku ofesi yoona za antchito a m'nyumba. Munthu akachoka m'dziko muno mlandu usanathe, angathe kusiyira loya mphamvu pa pepala lodindidwa.

Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zonsezi zimatenga masiku angati?"

"Dandaulo tingalembe lero. Koma yankho ndi masabata. Ku khoti akuti miyezi."

"Ine ndili ndi masiku khumi, achemwali. Ndipo lero sindikudziwa kogona."

Ba Misozi anawapatsa bedi lawo, eni bedilo n'kumagona pansi. Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, tinakhala pa masitepe a nyumba yathu ku International City n'kulemba dandaulo pa foni yanga. Dalaivala uja anakana kutumiza chithunzi, akuti wafufuta zonse ndipo sakufuna nkhani za apolisi. Madamu sanalembe kanthu, zonse analankhula pakamwa. Umboni wokha umene tinali nawo chinali chithunzi chimene ndinajambula tsiku lija. Tinachiika. Pa malo ofunsa kuti zinachitika bwanji, asisi Roda ananditambasulira foni.

"Apa lembani nokha. Ndinu mukudziwa."

Ndinalemba dzina langa, ntchito yanga, za fayilo yaikulu, za pasiwedi imodzi, za gulu la mauthenga, ndi zimene tinauzidwa kuti tiziyankha. Nambala ya dandaulo itabwera, iwo anaikopera m'kabuku kawo ka nyimbo za tchalitchi.

Za apolisi anakana. Anati dalaivalayo ali ndi banja ku Pakistan, ndipo kumumangitsa sikungawabwezere ana aja. Ku ofesi ya antchito anapita ndi ba Tembo, nathandizidwa kuti alandire zonse zoyenera munthu wochoka pa ntchito, koma ntchitoyo palibe amene akanaibweza. Masiku khumi aja anatha. Pa masiku onsewo sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo sanandisekerenso. M'mawa uliwonse ndinkawaona akumwa mapiritsi awo poyera, pamaso pa akazi onse a m'chipindamo, popeza panalibenso chobisa.

Ofufuza anabwera patatha masabata atatu asisi Roda atachoka. Anali awiri, bambo ndi mayi, ndi laputopu. Anafunsa kuti ndani anatsegula fayilo yaikulu pa tsiku lija, ndipo kompyuta sinathe kuyankha chifukwa tonse tinkalowa ndi pasiwedi imodzi. Mayiyo anakweza kiyibodi n'kupeza kapepala kaja. Anandiitanira m'chipinda cha dokotala, ndinanena zonse, ndinasayina. Ulendo uno ndinawerenga mzere uliwonse ndisanasayine. Kiliniki inalamulidwa kudziwitsa odwala onse amene maina awo anatuluka, kuthetsa mindandanda yapambali, ndi kupatsa aliyense pasiwedi yake. Ndinamva kuti panalinso chindapusa, koma pepala lake sindinalione.

Amene anaimbira odwalawo ndine. Ndinakhala masiku anayi pa foni, ndikuwerengera aliyense zimene zinatuluka ndi kumene angakadandaule. Ena anatukwana. Ena anafunsa ngati kudandaula sikungawachotsetse ntchito, ndipo ndinalibe yankho lowatsimikizira. Manambala ambiri sankagwiranso, eni ake anali atabwerera kwawo. Nditamaliza ndandandawo, manijala anandiitana n'kunena kuti nthawi yanga yoyesedwa yatha ndipo sandipitiriza. Sista Leena sananditsanzike. Ba Misozi anatsala, koma anachotsedwa pa kiliniki n'kutumizidwa kokolopa nyumba zogona antchito, kumene korona inali yochuluka. Sanandidandaulirepo, koma ndikudziwa kuti zinachokera kwa ine.

Yankho la boma linawapeza asisi Roda ali ku Ntcheu. Linati dandaulo lawo lapezeka loona. Ba Tembo anati ndi pepala limenelo loya angathe kuyamba mlandu wa chipukuta misozi, bola asisi asayine chikalata chopereka mphamvu, chidindidwe ku Lilongwe, chitumizidwe kuno, chimasuliridwe. Ndinaimbira asisi Roda kuwafotokozera. Kumbuyo kunkamveka nkhuku ndi wailesi.

"Zisiyeni," anatero. "Pano ndikufunafuna kopeza mankhwala, ku chipatala akuti atha. Za ku Lilongwe sindingazithe."

Ndinati pepani, kachikenanso.

"Kulakwitsa batani aliyense amalakwitsa, achemwali. Ine chimandipweteka si chimenecho. Mukanandiimbira tsiku lomwelo, ndikanawauza madamu ndekha, ndi pakamwa panga, kalata ya dokotala ili m'manja. Mwina akanandichotsabe. Koma akanamva kwa ine, osati kwa dalaivala."

Tinalankhulanso kawiri chaka chimenecho, kenako nambala yawo inasiya kugwira.

Pano ndimagwira ntchito pa desiki ya kiliniki ya mano, mbali ina ya mzinda. Fayilo iliyonse ndimaitsegula kaye n'kuiwerenga ndisanaitumize, ngakhale wina ataima pamutu panga akukuwa yalla. Pasiwedi yanga sindibwereketsa. Zotsatira za munthu zimapita kwa mwiniwake basi, ndipo bwana wake akaimba ndimamuuza kuti afunse wantchito wakeyo. Zimenezi aliyense angaziphunzire pa tsiku limodzi.

Chimene ndinachiphunzira movutikira n'chakuti malamulo oteteza wodwala alipodi, ndipo maofesi ake amagwira ntchito, koma amayenda pa liwiro la mapepala, pamene wantchito wobwera amakhala m'dziko muno pa masiku owerengeka. Amene wakhala pa desiki ndiye amayamba kudziwa kuti chinsinsi chatuluka, ndipo tsiku lililonse limene wakhala chete amalichotsa pa masiku a wodwalayo. Atsikana atsopano akamabwera kudzaphunzira ntchito ndimawauza kuti akadzalakwitsa adzaimbe foni tsiku lomwelo, mantha asanawaphunzitse bodza. Ine ndinadikira masabata awiri, ndipo asisi Roda anatsala ndi masiku khumi.